Seva yangayanga yokhala ndi SQL Server: ndingaipeze kuti pamtengo wofikirika?

mlembi_wa_code analemba:

Moni nonse akuluakulu. Nkhaniyi yandisowetsa tulo kwa milungu ingapo, ndiye ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula.

Zaka 6 zapitazo ndinalemba pulogalamu yosungira ma job card ndi ma invoice ya makampani ang'onoang'ono okonza makina. Ndinayamba ndi kasitomala mmodzi, pano alipo 14, ndipo anthu olowamo tsiku ndi tsiku amakwana 120. Mmisiri akamaliza ntchito amajambula pafoni job card yosainidwa n'kuitumiza, a mu ofesi n'kutulutsa invoice. Pulogalamuyi ndi ya ASP.NET pa .NET Framework 4.8, database yake ndi SQL Server 2019 Express, mtundu waulere wa SQL Server. Zonsezi zadzadzana pa VPS (gawo lobwereka la makina ogawana ndi ena) imodzi ya Windows yokhala ndi ma core 2 ndi RAM ya 4 GB.

Mavuto alipo awiri. Loyamba limabwera mwezi ukamatha. Lipoti la ma invoice onse a mweziwo limazungulira kufikira masekondi 30 atatha, kenako limafa ndi uthenga wa timeout. Mwezi wathawu mayi wina wowerengera ndalama pa kampani ina anandiimbira foni usiku cha m'ma 9 koloko. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Bambo, ndadina kasanu, ndipo ana akundidikira kunyumba." Ndinakhala pakompyuta foni ili kukhutu, ndikuyang'ana CPU itakakamira pa 100, ndilibe choti ndiwauze. Mawu amenewo sanandichokebe m'mutu.

Lachiwiri ndi kukula kwa database. Fayilo ya mdf, imene imasunga deta ya database, yafika 8.7 GB, ndipo imaonjezekera pafupifupi 250 MB mwezi uliwonse. Express malire ake ndi 10 GB. Ndikawerengera, ndatsala ndi miyezi 5 yokha.

Ndiye ndinaganiza zopeza dedicated server, makina athunthu a ine ndekha, osagawana ndi wina. Ndinafunsa mitengo ku makampani atatu. Makina okha, a ma core 8 ndi RAM ya 64 GB, ndikhoza kuwakwanitsa. Koma ataikapo Windows Server ndi SQL Server Standard, mtengo wa pamwezi unakwera kupitirira kanayi. Ndalama zimene makasitomala anga onse amalipira sizingafike pamenepo, ndipo ndi anthu amene anandikhulupirira ndilibe dzina, sindikufuna kuwakwezera mtengo modzidzimutsa.

Kodi alipo amene akudziwa kumene ndingapeze seva yotere pamtengo wofikirika? Nanga database ndiiike pa makina akeake, kapena ikhale pamodzi ndi IIS, pulogalamu ya Windows yoyendetsa webusaiti? Ndine ndekha pa ntchitoyi, ndilibe wondithandiza usiku.

gogo_DBA anayankha:

Achimwene, pepani ndi usiku umenewo, ambiri a ife tinauonapo. Koma musanasaine chilichonse, imani kaye, chifukwa ndikuona kuti mukufuna kugula chinthu chimene sichingachize matenda anu.

Chimene chakweza mtengowo si makina, ndi laisensi. SQL Server Standard ya pa webusaiti imalipiridwa potengera ma core. Amagulitsa awiriawiri, purosesa iliyonse imayambira pa ma core 4 ngakhale ikhale ndi ochepa, ndipo mukaiika pa makina enieni mumalipira ma core onse amene ali m'makinamo, kaya mukuwagwiritsa ntchito kaya ayi. Choncho pamene munapempha ma core 8, munapempha laisensi ya ma core 8. Anthu ambiri amakopeka ndi makina akale otchipa okhala ndi ma core 16 kapena 24, osadziwa kuti pa SQL Server amenewo ndiwo odula koposa. Ngati tsiku lina mudzafunedi Standard, dzafuneni purosesa ya ma core 4 othamanga kwambiri, osati ambirimbiri aulesi. Njira ina ya Server ndi CAL (laisensi ya seva, kuphatikiza CAL, chilolezo cha wolowa aliyense) imaoneka yotsika, koma munthu aliyense wolowa amafunika CAL yake ngakhale akudzera pa webusaiti, ndiye kwa anthu 120 amene akuchulukirabe werengerani mosamala.

Wogulitsa wina adzakuuzani za Web edition, imene imapezeka kufikira pa SQL Server 2022, kudzera kwa makampani a hosting okha, ndipo ndi yotsika kwambiri. Werengani malamulo ake ndi maso anu. Inapangidwira mawebusaiti otsegukira anthu onse pa intaneti, ndipo imaletsa mapulogalamu oyendetsera ntchito za mkati mwa bizinesi. Yanuyo ya ma invoice ili m'malire okayikitsa, ndiye akakuuzani kuti palibe vuto, akulembereni. Developer edition ndi yaulere ndipo ili ndi zonse, koma ndi yoyesera basi, osaikapo makasitomala.

Tsopano mvetserani apa. Mukatenga makina a 64 GB aja n'kusiyapo Express kuti mupulumutse ndalama, Express sidzaona RAM imeneyo. Buffer pool yake, malo amene imasungamo masamba a deta mu memori, imalekera pa 1410 MB, ndipo pa purosesa Express imagwiritsa ntchito socket imodzi kapena ma core 4, chimene chachepapo. Malire a 10 GB nawo amakhala pomwepo kufikira pa SQL Server 2022. Mungalipire nyumba ya zipinda khumi, iyo izigonabe m'chipinda chimodzi.

Chimene chandiimitsa mtima m'nkhani yanu ndi chiganizo chimodzi: amisiri amajambula job card pafoni n'kuitumiza. Zithunzizo zimapita kuti? Makampani 14 a ma invoice sangadzaze 8.7 GB ndi manambala ndi maina okha pa zaka 6. Ndikukayikira kuti munaziika mu column ya varbinary(max). Ngati zili choncho, chithunzi chilichonse chikawerengedwa chimadutsa mu buffer pool yaing'ono ija, n'kukankhira kunja masamba a ma invoice ndi ma index amene lipoti likuwafuna. Kenako SQL Server imabwereranso ku disiki kukatenga zimene inali nazo kale. Ndipo ngati penapake mu code muli SELECT * pa tebulo limenelo, ndiye kuti lipoti lanu limanyamula zithunzi mazanamazana kuti lingosonkhetsa manambala.

Chitani izi usiku uno. Mu Management Studio dinani kumanja pa database, pitani ku Reports, musankhe Disk Usage by Top Tables. Kapena thamangitsani sp_spaceused pa matebulo akuluakulu. Kenako tengani query ya lipoti lija, muyatse actual execution plan, muone ngati pali scan (kuwerenga mizere yonse) pa tebulo lonse pamene pamafunika seek (kulunjika pa mizere yofunikayo kudzera mu index). Masekondi 30 aja si SQL Server imene ikufa, ndi CommandTimeout ya .NET imene imadula pamenepo mukapanda kuisintha. Musaikweze kuti mubise vutolo. Mutibweretsere zimene mupeze.

mlonda_wa_usiku anayankha:

Agogo anena zoona pa za laisensi, ine ndiyankhe funso la kumene makina otsika mtengo amapezeka, chifukwa mwina mudzawafunabe.

Makampani amene anthu ambiri amathamangirako ndi a ku Ulaya. Hetzner ya ku Germany ili ndi ma data centre ku Falkenstein, ku Nuremberg ndi ku Helsinki, ndipo ili ndi tsamba lotchedwa Server Auction kumene amabwereketsa makina amene ena anawasiya. Mtengo umatsika pang'onopang'ono kufikira wina atawatenga, ndipo salipiritsa setup fee. OVHcloud ya ku France ili ndi magulu otsika mtengo a Kimsufi, So you Start ndi Rise, ndipo ma data centre ake ali ku Roubaix, Gravelines, Strasbourg ndi ku Beauharnois ku Canada, kungotchulapo ena. Musanatenge makina, tsimikizani kuti mtundu umenewo akuuperekera laisensi ya Windows Server, chifukwa si onse.

Koma dziwani chimene mukugula. Kutsika mtengoko kumachokera pa mawu amodzi: unmanaged. Iwo ntchito yawo ndi magetsi, netiweki ndi kusintha chitsulo chikafa. Windows ikakana kudzuka itatha update, SQL Server ikadzadza disiki, wina akaboola RDP (khomo lolowera Windows muli kutali), zonsezo ndi zanu. Ngakhale disiki ikayamba kufa, kawirikawiri ndinu amene muyenera kuona n'kuwalembera tiketi yokhala ndi serial number yake. Pa VPS makina apansi akafa, kampani imatha kukudzutsirani pa ena. Pa dedicated mumadikira mpaka munthu apite ndi screwdriver. Walira mvula walira matope, ndipo inu mwanena nokha kuti usiku mulibe wokuthandizani.

Mukasankha makina, yang'anani kuti ma disiki ndi awiri, a SSD kapena NVMe, oti muwaike pa RAID 1, kuti deta izilembedwa pa onse awiri. RAM ikhale ya ECC, yodzikonza yokha ikalakwitsa, ngati n'kotheka, chifukwa kachidutswa kamodzi kakasokonekera mu memori database imakalemba pa disiki ngati choonadi. Funsani ngati pali KVM kapena rescue system yolowera makina atakana kudzuka. Tsiku loyamba, musanaikepo chilichonse, thamangitsani smartctl muone maola amene ma disikiwo agwira ntchito ndi mmene aperepesekera. Za 99.9% zimene amalemba zija, zikutanthauza kuti mphindi pafupifupi 43 pamwezi akhoza kukhala atazima popanda kuphwanya lonjezo, ndipo nthawi zambiri lonjezolo limakhudza netiweki ndi magetsi, osati pulogalamu yanu. Port 1433 ya SQL Server ndi 3389 ya RDP musazisiye poyera pa intaneti. Ma bot amayamba kugogoda pa akaunti ya sa, ya woyang'anira SQL Server, patangopita maola ochepa. Ikani VPN, WireGuard ndi yosavuta.

Pa backup ndiye ndilankhula ndi mtima wanga wonse. RAID si backup. Usiku wa pa 9 kuchezera pa 10 March 2021 moto unawononga nyumba yonse ya SBG2 ya OVHcloud ku Strasbourg ndi mbali ina ya SBG1. Ena anataya zonse chifukwa ma backup awo anali pamalo omwewo. Nkhaniyi sindikuitchula kuti ndinyoze kampaniyo, moto ungagwe paliponse. Ineyo zinandionekera mwa njira ina. Zaka zapitazo ndinali ndi makina kwa kampani ina, script yanga ikulemba fayilo ya bak usiku uliwonse, ine n'kumaona dzina la fayilo n'kumagona mtima uli m'malo. Tsiku limene disiki inafa ndinatsegula foda ija. Mafayilo onse a miyezi itatu anali a 0 KB. Pasiwedi inasinthidwa, script n'kumalephera mwakachetechete. Ndinaimbira makasitomala mmodzimmodzi kuwapempha kuti alembenso kuchokera pa mapepala. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ndimatenga backup n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina, n'kutsegula invoice yomaliza ndi maso anga. Ndipo kopi imodzi imakhala kwa kampani ina, mumzinda wina.

mayi_wa_postgres anayankha:

Bambo, ine ndiyankha funso lanu lachiwiri limene anzangawa sanalikhudze. Database musaiike pa makina akeake panopa. Kwa anthu 120, makina awiri ndi ndalama ziwiri, ma update awiri, ndi malo awiri oti pafe chinthu. Ndipo ngati mungaganize zoika IIS kwa kampani ina, database kwa ina yotchipa, dziwani kuti kuwala mu fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa millisecond imodzi, ndipo query iliyonse imapita n'kubwerera. Tsamba limene limafunsa database ka 150, ngati ulendo uliwonse ukutenga ma millisecond 20, latha masekondi atatu likungoyenda panjira. Zikakhala pa makina amodzi, nthawi imeneyo siioneka n'komwe. Mukadzazilekanitsa, zidzakhale mu data centre imodzi pa netiweki ya mkati.

Chimene ndikusiyana nawo agogo n'chakuti iwo akukuthandizani kukhalabe mkati mwa mpanda wa Express. Ine ndikuti yambani kuganiza zotulukamo. PostgreSQL, database ina yolowa m'malo mwa SQL Server, ilibe laisensi yolipira, ilibe malire a 10 GB, ndipo RAM yonse imene mwaipatsa imaigwiritsa ntchito. Imayenda pa Windows pomwe, ndipo Npgsql imailumikiza ndi .NET, moti simukuyenera kusiya IIS tsiku lomwelo. MariaDB nayo ndi yaulere ngati mumaikonda. Sindikunamizani kuti n'zophweka. TOP imasanduka LIMIT, GETDATE imasanduka now, ma stored procedure a T-SQL muyenera kuwalembanso, ndipo PostgreSQL imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono poyerekeza mawu, chimene chimadzidzimutsa ochokera ku SQL Server. Mukaiika musaiwale shared_buffers, imabwera ili pa 128 MB yokha, ndipo poyambira pabwino ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a RAM. Ine ndinasamutsa pulogalamu ya matebulo 60 ndipo zinanditengera miyezi itatu ya madzulo. Koma kuyambira pamenepo ndikaonjezera ma core, ndimalipira ma core okha.

SQL Server imayenda pa Linux kuyambira 2017, koma izo zimangochotsa mtengo wa Windows, laisensi yake ikhalapobe. Ndipo .NET Framework 4.8 yanuyo ndi ya Windows basi, kufikira mutasamukira ku .NET yatsopano.

mlembi_wa_code anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa nthawi yanu ndipo sindikuitenga mopepuka.

Agogo, munalasa pomwepo. Ndinatsegula lipoti la Disk Usage by Top Tables, pamwamba penipeni panali tebulo la JobCardPhotos: 7.1 GB pa 8.7 GB. Ma invoice onse a zaka 6, pamodzi ndi makasitomala ndi ma index, sakufika 1.6 GB. Ndinakhala chete nthawi ndithu ndikuyang'ana nambalayo. Mafoni a masiku ano amatumiza zithunzi za 3 MB kapena 4 MB, ndipo ine ndimazisunga mmene zabwerera. Kungoti ma job card ambiri satumizidwa ndi chithunzi, apo ayi malirewo ndikanawagunda kalekale.

Pa lipoti lija ndinapeza kuti Entity Framework, imene code yanga imawerengera database, imakoka job card iliyonse pamodzi ndi zithunzi zake, chifukwa cha Include imene ndinaiika chaka choyamba n'kuiwala. Panalibenso index pa tsiku la invoice. Ndinachotsa Include, n'kuika index pa CompanyId ndi InvoiceDate. Ndayesa lipoti la mwezi watha la kampani ya mayi aja, latuluka m'masekondi awiri, pa VPS yomwe ija. Ndinawaimbira m'mawa kuti adine okha. Anadina, n'kungoti, "Latuluka kale?"

Dongosolo langa tsopano lili chonchi. Dedicated server ndaiimitsa kaye. VPS ndiikweza kufika ma core 4 ndi RAM ya 8 GB, kuti Express ipeze ma core ake onse ndipo IIS isalimbirane nayo memori. Zithunzi ndizitulutsa mu database, zatsopano ndizizichepetsa zisanasungidwe. Mayi, mawu anu ndawasunga. Ma stored procedure ndili nawo 22 okha, ndiye ndiyamba kuyesa PostgreSQL pa kompyuta yanga popanda changu, kuti tsiku limene makasitomala adzafike 40 ndidzatenge makina athunthu kumene alonda anena, ndalama zonse zikupita ku chitsulo. Alonda, ndinatsegula foda yanga ya backup nditangowerenga zanu. Mafayilo ali bwino, koma onse ali pa disiki yomweyo ya VPS. Usiku uno ayamba kupita kwina.

Funso lotsala ndi ili: zithunzizo ndiziike mu FILESTREAM, njira ya SQL Server yosungira mafayilo pa disiki kunja kwa mdf, kapena mu foda wamba? Nanga ndikazichotsa, fayilo ya mdf ichepa yokha?

gogo_DBA anayankha:

Ndasangalala nanu, achimwene, makamaka chifukwa cha mayi aja.

FILESTREAM ili ndi ubwino wake. Deta yake siwerengedwa pa 10 GB ija, sidutsa mu buffer pool mukamaiwerenga kudzera mu Win32, ndipo imalowa mu backup imodzi ndi database. Koma ndi ya SQL Server pa Windows yokha, pa Linux kulibe, ndipo popeza mukuganiza za PostgreSQL ingakumangeni miyendo. Ikani zithunzizo mu foda ya kunja kwa wwwroot kapena mu object storage ya mtundu wa S3, mu tebulo musunge njira ya fayilo ndi hash yake ya SHA-256, imene ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo. Pulogalamu ndiyo izipereka chithunzi itatsimikiza kuti wopemphayo ndi wa kampani yoyenera, chifukwa pamapepalapo pali maina ndi ma siginecha a anthu. Kumbukirani kuti foda imeneyo tsopano ikufuna backup yakeyake.

Posamutsa musathamange. Koperani zithunzi mazana angapo nthawi imodzi, usiku, muyerekeze hash ya fayilo ndi ya mu database, ndipo column yakale muisiye milungu iwiri pulogalamu ikuwerenga kale kuchokera ku foda. Mukatsimikiza, tengani backup yathunthu, muibwezeretse kwina kuti muone kuti ndi yamoyo, kenako muchotse column ija n'kuthamangitsa DBCC CLEANTABLE kuti malo abwerere.

Fayilo ya mdf sichepa yokha. Malowo amatseguka mkati mwake ndipo deta yatsopano imalowa momwemo, choncho malire a 10 GB sakuopsaninso ngakhale musaichepetse. Mukafuna kubweza malo a disiki, chitani DBCC SHRINKFILE kamodzi kokha, muisiyire mpata wokulira, mwina pa 3 GB, kenako mumangenso ma index chifukwa shrink imawabalalitsa. AUTO_SHRINK ikhale yozima, ndipo onani AUTO_CLOSE, pa Express imakonda kubwera ili yoyaka.

Chomaliza ndi recovery model. Pa Express database yatsopano imayamba ili pa SIMPLE, kutanthauza kuti disiki ikafa 4 koloko madzulo mubwerera ku backup ya usiku wathawo, ntchito ya tsiku lonse ya amisiri itapita. Isinthireni ku FULL, mutenge backup yathunthu nthawi yomweyo, kenako muzitenga ya log mphindi 15 zilizonse. Express ilibe SQL Server Agent, ndiye mugwiritse ntchito sqlcmd ndi Task Scheduler, muike -b kuti ikalephera ibweze error, ndipo script izikutumizirani imelo ya kukula kwa fayilo m'mawa uliwonse. Mukaiwala backup ya log pa FULL, fayilo ya log (ldf) imakula mpaka kudzadza disiki, choncho ziwirizi muzichite usiku umodzi. Mwezi uno ukatha mudzatiuze mmene lipoti layendera anthu onse 120 ali mkati.